Chala cha amalume ndi fumbi la Lusaka

Lachisanu m'mawa ndikamatsika minibasi, ndimadziwiratu mmene tsiku liyendere pongoona magalimoto omwe aima pageti. Kukakhala mapikiapu awiri kapena atatu, njinga zamoto zitamangidwa ndi zingwe kumbuyo, ndiye kuti tiyi wanga ndimwa masana. Eni ake amafuna kukakwera Loweruka m'mamawa, ndipo aliyense amakumbukira Lachinayi usiku kuti njinga yake inkatsokomola sabata yatha.

Ndimagwira ntchito pa shopu yogulitsa ndi kukonza njinga zamoto zoyenda m'tchire, kuno ku Lusaka. Chino ndi chaka changa chachisanu ndi chimodzi. Malo anga ndi pakauntala: masipeyala, malisiti, foni, ndi kulemba khadi la njinga iliyonse yolowa m'galaja. Kwathu ndi ku Katete, komwe njinga yamoto iliyonse timangoti honda, kaya ndi Yamaha, kaya ndi Bajaj. Amayi mpaka lero amauza anzawo kuti mwana wawo amagulitsa mahonda mu Lusaka. Ine nditangofika ndinaphunzira kuzisiyanitsa ngati mmene amachitira ana omwe amadzasuzumira pawindo lathu pochokera kusukulu, poona mtundu: yamtundu wa lalanje ndi KTM, yabuluu Yamaha, yofiira Honda, yobiriwira Kawasaki, yachikasu Suzuki. Zina zonse zinabwera pang'onopang'ono, ndipo zambiri zinachokera kwa munthu mmodzi.

Kumbuyo, m'galaja, kuli mkulu wa amakaniko. Si m'bale wanga wamagazi. Tsiku loyamba atamva kalankhulidwe kanga anandifunsa kuti, "Iwe, ndiwe wa kummawa?" Nditati ku Katete, anati, "Ndiye ndiwe mphwanga." Kuyambira tsiku limenelo ndi amalume.

Njinga ikalowa, amalume sayamba ndi kuiliza. Mwini wake akamafotokoza, iwo amangogwedeza mutu, manja ali pantchito kale. Amachotsa mpando kapena chivindikiro cha m'mbali, amatulutsa fyuluta ya mpweya, kenako amapisa chala chimodzi mumpope wopita ku injini, kuseri kwa pomwe panali fyulutayo. Amapukuta mkatimo pang'onopang'ono, n'kutulutsa chalacho, n'kuchiloza kowala. Chikatuluka choyera, nkhope yawo imamasuka, ndipo apa m'pomwe amayamba kumvetsera bwino nkhani ya mwini njinga. Chikatuluka ndi kafumbi kofiirira, amachisisita ndi chala chachikulu kuti amve kukhakhala kwake, n'kungoti, "Mmm." Ine ndikamva "mmm" ameneyo ndili pakauntala, ndimayamba kufufuza mitengo ya pisitoni.

Chifukwa chake n'chakuti injini imapuma. Imakoka mpweya wambirimbiri, ndipo mpweya wa kuno kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa mu Novembala ndi fumbi lokhalokha. Fumbi limenelo ndi mchenga wosalala chabe. Likadutsa fyuluta limasakanikirana ndi oyilo n'kusanduka phala lopala chitsulo. Limadya mphete za pisitoni, limakanda silinda, ndipo pa injini za four-stroke, zomwe oyilo wake sasakanizidwa ndi petulo, limaperesa mavalavu olowetsa mpweya mpaka kampata kake kamatsekeka. Mwini njinga amangoona kuti m'mawa ikuvuta kulira, kenako yayamba kudya oyilo, kenako mphamvu zatha. Amabwera akudandaula za pulagi kapena za petulo wa pa filing'i siteshoni ina. Chala cha amalume chimakhala chitadziwa kale.

Chotchinga zonsezi ndi kasiponji kokula ngati mbale ya ndiwo. Pa zinthu zonse zomwe ndimagulitsa, ndi kamodzi mwa totsika mtengo. Ndipo ndi komwe ndimakakonda kuposa zonse, moti ndikufuna ndifotokoze mmene timakachapira, poti ambiri amalakwitsa pomwepa.

Mukachotsa fyuluta, choyamba tsekani mpope wa ku injini ndi kansalu koyera, kuti dothi lisagweremo. Fyulutayo iviikeni m'palafini kapena m'mankhwala ake ochapira, kuti oyilo wakale ndi fumbi zisungunuke. Petulo ayi. Ndikudziwa kuti ndiye amakhala pafupi, koma amasungunula guluu womata zigawo za siponjiyo. Kenako madzi ofunda ndi sopo, kawiri kapena katatu, mpaka madzi atuluke oyera. Pofinya, finyani ndi zikhatho ngati mukukama, osapotokola ngati chitenje, chifukwa siponji imang'ambika. Iumitseni pamthunzi mpaka iume gwa. Ikauma, iikeni m'kapulasitiki, thiranimo oyilo wa fyuluta, uja womata ngati uchi, n'kukanya mpaka mtundu wa oyiloyo ufike paliponse. Finyani wotsala. Pomaliza pakani girizi pang'ono m'mphepete momwe fyuluta imakumana ndi bokosi lake, ndipo mukaibwezera, yendetsani chala kuzungulira kuti mumve ngati yakhala bwino. Siponji youma siigwira fumbi. Chomwe chimagwira fumbi ndi oyiloyo.

Nyengo yotentha, okwera m'gulu amayenera kuchita zimenezi akangobwerako ulendo uliwonse, makamaka uja amakhala kumbuyo akumwa fumbi la anzake. Amalume amakonda kuwauza kuti, "Bwana, fumbi ndiwe mwini." Mwambiwu amaupotoza dala, koma amatanthauza zenizeni. Makaniko angakukonzere zonse, koma sangakutsate kunyumba kukachapa siponji.

Makasitomala athu ali m'magulu awiri, ngakhale kuti palibe amene analemba zimenezi pakhoma.

Oyamba ndi a masewera. Ena ndi a motocross, othamanga pabwalo lokhala ndi zitunda zodumpha. Ena ndi a enduro, omwe amalowa m'tchire cha ku Leopards Hill kapena m'mafamu a ku Chisamba, kukwera miyala ndi kuwoloka timitsinje touma. Njinga za motocross zilibe nyali, zilibe nambala, pamsewu wa phula siziloledwa, n'chifukwa chake zimabwera zitakwera pikiapu. Anthu amenewa amawerenga moyo wa injini ndi maola, osati makilomita, ndipo ambiri amamangirira kawotchi kowerenga maolawo pafelemu. Amakangana za chilichonse: gudumu lakumbuyo la mainchesi 18 kapena 19, matchubu okhuthala kapena mousse, siponji yolimba yoikidwa m'tayala m'malo mwa tchubu, yosaopa minga, oyilo wa injini za two-stroke asakanizidwe motani ndi petulo. Ndafika poloweza. Pa 40:1 ndi mamililita 125 a oyilo pa malita 5 a petulo, pa 50:1 ndi mamililita 100. Munthu akangoyamba kuwerenga pa foni, ine ndimakhala nditanena kale. Amadziwa mayina a okwera otchuka ngati mmene ife tinkadziwira osewera mpira. Ross Branch wa ku Botswana atakhala wachiwiri pa mpikisano waukulu wa m'chipululu wa Dakar mu 2024, shopu yonse inalankhula za iye sabata yathunthu, ngati ndi mwana wa pakhomo.

Njinga zawo zina zimabwera kuchokera kunja zitatchunidwira kumayiko a m'mphepete mwa nyanja. Lusaka ali pamtunda, mamita pafupifupi 1,300 kuchokera pomwe pali nyanja yamchere, ndipo mpweya wa kuno ndi wopepukirapo. Kabuleta, chida chosakaniza petulo ndi mpweya, yomwe inkayenda bwino ku Durban ikafika kuno imathira petulo wochuluka kuposa mpweya. Pulagi imada, utsi umachuluka, njinga imachita ulesi. Amalume amasintha tijeti ta mkuwa ta m'kabuleta tomwe petulo amadutsamo, tinthu tating'ono ngati njere ya mapira tokhala ndi nambala pamwamba, ndipo amatisunga m'kabotolo ka mankhwala komwe salola munthu wina kukagwira. Njinga zatsopano za fuel injection, zopanda kabuleta, zimadziwerengera zokha petulo. Amalume amazilemekeza, koma sazikonda kwenikweni.

M'gulu lomweli muli ana. Loweruka lina bambo wina anabwera ndi kamtsikana ka zaka zisanu kudzatenga Yamaha PW50, kanjinga kopanda magiya, kopanda tcheni, kokhala ndi kasikuluwu kochepetsera liwiro kuti kholo lizitsegula pang'onopang'ono mwana akamazolowera. Bamboyo ankafuna helemeti yokulirapo kuti mwana akule nayo. Ndinakana. Helemeti si yunifomu ya sukulu. Ikakhala yokhwepa imazungulira pamutu, ndipo tsiku logwa siteteza kanthu. Anandiyang'ana kanthawi, kenako anati, "Chabwino, tipatseni yomukwana." Kamtsikanako kanatuluka kataivala, ndipo kanakana kuivula ngakhale m'galimoto.

Gulu lachiwiri silibwera ndi pikiapu. Limabwera litakwera, fumbi lili m'nsidze. Awa ndi alangizi a zaulimi, akapitawo a m'mafamu, ogwira ntchito za umoyo m'midzi, abusa oyendera mipingo yakutali. Njinga zawo ndi monga Yamaha AG200 kapena Honda XL125, zosathamanga kwambiri koma zopirira. AG200 inapangidwira kufamu: tcheni lake ndi lovindikiridwa kuti matope ndi udzu zisalowe, ili ndi kaliyala kutsogolo ndi kumbuyo, ndipo mwendo woimikira uli mbali zonse ziwiri, kuti pamalo otsetsereka usankhe koitsamiritsa. Anthu awa sakangana za mousse. Funso lawo ndi limodzi: "Ndingaitenge lero?" Ndinene poyera kuti mtima wanga uli ndi amenewa. A masewera ndi omwe amalipira lendi ya shopu, ndipo ambiri ndi anthu abwino, owolowa manja. Koma njinga ya wa masewera ikagona m'galaja, chomwe chawonongeka ndi Loweruka limodzi.

Mwa a gulu lachiwiri munali amayi ena ogwira ntchito pa kachipatala ka kumudzi, kupitirira Chongwe, komwe umasiya Great East Road n'kulowa msewu wafumbi. Pakaliyala ya AG200 yawo pankakhala bokosi lozizira la katemera ndi sikelo ya ana. Amalume anawaphunzitsa okha kuchapa fyuluta, ataimirira pambali pa beseni, ndipo amayiwo analemba zonse m'kabuku.

Apa m'pomwe pali nkhani yomwe yandichititsa kulemba.

Masipeyala athu ambiri amachokera ku Johannesburg, pa lole, kudzera pa Chirundu kapena pa mlatho wa Kazungula. Timagula ndi ndalama zakunja, timalipira msonkho, timagulitsa ndi Kwacha. Dola ikakwera, mtengo womwe ndinauza munthu Lolemba umakhala bodza pofika Lachisanu. Chaka cha 2024 zinthu zinathina mbali zonse. Mvula inakana, madzi ku damu la magetsi la Kariba anatsika, magetsi ankazima nthawi yaitali kuposa yomwe ankayaka. Kompuresa ndi makina ochapira njinga zinkadalira jenereta, ndipo jenereta imamwa. Makasitomala nawonso matumba anali atauma. Munthu ankafunsa mtengo wa fyuluta, n'kupumira m'mwamba, n'kunena kuti abweranso.

Nthawi imeneyo kunabwera wamalonda wina ndi katoni ya mafyuluta. Maonekedwe ake anali ofanana ndi enieni, mtengo wake pafupifupi theka. Ndinatenga imodzi, ndinaifinya, ndinaitembenuza, ndinaona kuti ndi siponji ngati siponji ina iliyonse. Ndinauza abwana kuti tithandize anthu. Amalume tsiku limenelo anali kumaliro, ndipo sindinadikire kuti abwere aione. Ndinagula katoni yonse.

Patapita miyezi iwiri, amayi aja anafika masana dzuwa la Okutobala lili pamutu. Anati njinga ikuvuta kulira m'mawa, ndipo pokwera chitunda ikuchita ngati yalemedwa. Amalume anachotsa chivindikiro, anatulutsa fyuluta, anapisa chala. Chinatuluka chofiira ngati achiviika m'chulu.

"Amayi," anatero motsitsa mawu, "mwasiya kuchapa?"

"Bambo, sindinasiyepo. Lamlungu lililonse ndikachoka kutchalitchi. Palafini, sopo, pamthunzi, oyilo, girizi. Monga munanenera." Anatsegula kabuku kaja. Munali masiku onse, mzere ndi mzere.

Amalume anatenga fyulutayo n'kupita nayo pakhomo pomwe pali kuwala. Inali yoyera, yopakidwa oyilo bwinobwino, ntchito ya munthu wosamala. Kenako anaikoka pang'ono ndi zala ziwiri pamsoko pomwe zigawo zimakumana, ndipo msokowo unayasama ngati kamwa. Guluu anali atasiya kalekale. Fumbi linkangodutsa pamenepo molunjika, ulendo uliwonse, kwa milungu yambiri.

"Iyi munaigula kuti?"

Amayiwo sanayankhe. Anangotembenuka n'kuyang'ana pakauntala.

Sindidzaiwala chete yemwe anagwa m'galajamo. Amalume sanandikalipire. Anabwera n'kuika fyulutayo patsogolo panga, pamwamba pa buku la malisiti, n'kunena kuti, "Mphwanga, tenga buku lako. Aliyense amene unamugulitsa izi umuimbire lero." Kenako anabwerera kwa amayiwo, anavula kapusi yawo, n'kupepesa chifukwa chowaganizira ulesi. Mkulu wa msinkhu wotere, pamaso pa anyamata ake onse.

Ndinaimba mafoni mpaka mdima. Ena anaseka n'kunena kuti sanaiikebe, ena anakwiya, ndipo anali ndi chifukwa. Mmodzi anandiuza mawu omwe sindingalembe pano. Zotsala m'katoni tinazidula ndi mpeni kuti wina asadzazitole kudzala n'kukazigulitsa. Wamalonda uja foni yake inasiya kupezeka.

Injini ya amayiwo titaitsegula, mphete za pisitoni zinali zitatha, silinda itakandika, valavu yolowetsa mpweya itapereseka m'mphepete. Abwana anavomera kuti shopu ilipire zonse, ndipo mbali ina inachoka pa malipiro anga. Sindinadandaule. Chomwe chinandipweteka ndi nthawi. Zida zina sizinalipo, zinayenera kuitanitsidwa, ndipo lole inachedwa pa boda. Njinga inakhala pabenchi milungu itatu, injini itavindikiridwa ndi nsalu. M'mawa uliwonse ndikamalowa ndinkaiona. Amayiwo ankaimba Lachiwiri ndi Lachisanu, mwaulemu nthawi zonse. Tsiku lina ndinawafunsa kuti ntchito ikuyenda bwanji. Anati midzi yapafupi akupita pa njinga yakapalasa yobwereka, bokosi la katemera atalimangirira ndi mphira, ndipo amanyamuka kusanache kuti madzi oundana a m'bokosimo asasungunuke. "Nanga yakutali?" Anakhala chete pang'ono. "Yakutali adikira."

Ine ndinakulira m'mudzi wotero. Ndimadziwa mmene amayi amakhalira pansi pa mtengo wa mango ana ali kumsana, makadi a sikelo ali m'manja, akumvetsera ngati kumveke kulira kwa honda kuchokera kudambo.

Kuyambira pamenepo pali zomwe ndinasintha pakauntala. Sipeyala iliyonse yachilendo imapita kaye m'manja mwa amalume, ngakhale ikhale kawasha. Fyuluta ndimaikoka pamsoko pamaso pa woigula. Wina akati yenieniyo yadula, sindimukankhira yotchipa. Ndimamuonetsa mmene angasamalire yomwe ali nayo kuti ikhalitse, ndipo ngati yatheratu ndimapempha abwana kuti amulole kulipira m'magawo awiri. Ndinapemphanso kuti njinga za ntchito zizilowa patsogolo pa mzere, ngakhale Lachisanu. Abwana poyamba anakayika, poopa kukhumudwitsa a mapikiapu. Koma titayamba kuwafotokozera kuti njinga iyi ikupita kukapereka katemera, kapena iyi ndi ya mlangizi yemwe alimi akumudikira ndi mbewu, sindinamvepo wina akukana. Mmodzi mpaka anavula jekete n'kuthandiza kugwira gudumu.

Mvula ikagwa, fumbi limagona, ndipo mavuto amasintha nkhope. Matope amauma pamafoloko akutsogolo n'kudula tiziphimbo ta mphira, oyilo n'kuyamba kutsikira pa buleki. Matcheni ndi masiproketi amatha msanga. Anyamata ochapa njinga amakhala ndi ntchito tsiku lonse, ndipo amalume amawakumbutsa kuti atseke ekizozi, komanso kuti madzi amphamvu asawaloze pa mabeyaring'i. Wina amabweretsa njinga yomwe yamira mumtsinje, ndipo timachotsa pulagi, timaiimika chadodolido kuti madzi atuluke, n'kusintha oyilo kangapo mpaka asiye kuoneka ngati tiyi wamkaka. M'galaja mumanunkha dothi lonyowa ndi utsi wa two-stroke. Fungo limenelo likandipeza kwina kulikonse, ndimaganiza za kuntchito.

Amayi aja anabweranso mu Disembala, mvula itangokata, matope ali mpaka m'mawondo a jombo zawo. Ankafuna tchubu chakumbuyo, poti munga unawalasa panjira ndipo chigamba chinali chachitatu pamalo amodzi. Amalume anatuluka akupukuta manja, mwachizolowezi n'kugwada pambali pa njinga kuti atsegule chivindikiro.

"Dikirani, bambo," anatero amayiwo.

Anatulutsa sikuludiraiva m'thumba la jekete, anatsegula okha, anachotsa fyuluta, anaikoka pamsoko mbali zonse ziwiri. Kenako anapinda mkono wa jekete, anapisa chala mumpope, anapukuta mkati pang'onopang'ono, n'kuchiloza kowala. Amalume anawerama n'kuyang'anitsitsa. Ine ndinali nditatuluka kuseri kwa kauntala osadziwa n'komwe, tchubu chili m'manja.

"Bwezerani," anatero amalume. "Mphwanga, bweretsa tchubucho, amayiwa ali ndi sikelo mawa."